Nkhope Yofufutidwa Pansi pa Vanishi

Katoni ya zimbale inafika pa polisi Lolemba m'mawa ili pamutu pa a Eneya Muhiwa, wapampando wa Kwaya ya Mthunzi. Anaitula pa tebulo la Sajeni Eliness Kadzuwa, n'kuvula chipewa ngati munthu wobwera ndi uthenga wa maliro.

"Tsegulani nokha, a Sajeni. Ine manja akana."

Eliness anasolola chimbale chimodzi m'kathumba kake ka pepala. Pepalalo linakakamira, n'kusiya tiubweya toyera m'mphepete. Pamwamba pa chimbalecho panasindikizidwa chithunzi cha kwaya yonse, amayi kutsogolo, abambo kumbuyo, onse mu yunifolomu yobiriwira. Mayi wina wa pamzere woyamba anali ndi duku, mapewa ndi manja ogwira buku la nyimbo, koma nkhope analibe. Pamalo pake panali kadontho koyera, kukula kwake ngati nsonga ya chala.

Anasolola china, n'kupisanso pansi penipeni pa katoni. Zonse chimodzimodzi. Anayesa kukanda kadonthoko ndi chikhadabo, chikhadabo chinangoterereka. Wofufutayo anapoperapo vanishi pamwamba.

"Ameneyo ndi Leah," anatero a Eneya. "Woyimba alito. Mwana wosayankha, wosakanganapo ndi munthu."

Nkhani yake Eliness anali ataimva kale kwa woyendetsa kabaza, koma a Eneya anaifotokozabe kuyambira pa pemphero lotsegulira. Dzulo lake kunali mwambo wokhazikitsa chimbale. Holo inadzaza. Mlendo wolemekezeka, mwini golosale wa ku Chiringa, anagula chimbale choyamba mopikisana monga zimakhalira, n'kuchitulutsa m'kathumba kuti anthu aombe m'manja. Woyamba kukuwa anali mkazi wake. Posakhalitsa amayi anayamba kukoka ana awo kutuluka nawo panja, akunena kuti kufufuta nkhope ya munthu wamoyo n'kumuitanira manda.

"Zimbale zimenezi zimayenera kufika mpaka ku Milange," anadandaula a Eneya. "Amalonda a tsidya lija la malire anali atandiuza kale kuti ndiwasungire. Lero ndiwapatse chiyani? Chithunzi cha mzukwa?"

"Ndiye mukuti anachita ndani?"

"Anasindikiza ndani? Bernadette. Anapopera ndani? Bernadette. Ine sindine wapolisi, koma apa mpaka pafunike sajeni?"

Eliness anayang'ana pa ngodya ya ofesi. Kompyuta ndi pirinta ya Bernadette zinali zitafika kale usiku wa dzulo, zili pansi pakati pa njinga zakuba. Abwana a papolisipo anali atanena m'mawa womwewo kuti mayiyo akaonekera kukhoti Lachitatu pa mlandu wowononga katundu mwadala, ndipo makinawo akhala pompo mpaka mlandu uthe. Njinga zinazo zinabwera pa mawu omwewo. Ina akangaude anali atamangamo nyumba m'masipoko.

* * *

Bernadette Namacha anali pa benchi ya pakhonde, manja atapinda pachifuwa. Anaphunzira za makompyuta ku Blantyre n'kubwerera kwawo, ndipo pa Migowi ponse ndi iye yekha amene ankatha kuika chithunzi pa chimbale. Makwaya, maukwati, ngakhale zinkhoswe zinkadutsa m'kashopu kake.

"Ntchito imeneyi ine sindinaimalize," anatero.

"Koma yamalizidwa."

"Vuto lake ndi limenelo, a Sajeni. Aka n'koyamba m'dziko muno munthu kumangidwa chifukwa ntchito yake yatha msanga."

Eliness sanaseke. Anakhala naye pa benchi, chimbale chili m'manja.

"Yambirani poyambira."

"Inki ya pirinta ndi yamadzi. Thukuta la m'manja, dontho la mvula, mwana kunyambita, chithunzi chapita. Ndiye ndikasindikiza ndimaziyanika pa shelefu, zikauma ndimazipopera vanishi wa m'chitini. Akauma vanishiyo, basi, ngakhale muchiviike mu ndowa. Ndinasindikiza Lachinayi. Lachisanu kunacha ndi chiperoni, kenako uthenga unabwera kuti azakhali anga atisiya ku Mkhumba. Ndinatseka, makiyi n'kusiyira mayi Belita, telala wa pakhomo loyandikana nalo. Ndabwera Loweruka madzulo, mashelefu ali mbee, zitini za vanishi zopanda kanthu."

"Simunafunse?"

"Ndinawaimbira a Eneya. Anandithokoza, ati apeza zonse zitalongedwa bwinobwino m'katoni ndipo anyamula. Ndinaganiza kuti kupupuluma kwawo kuja atuma wina kuti apopere. Ndinati tidzakangana mwambo ukatha."

Anatenga chimbale m'manja mwa Eliness, n'kuchipendeketsa cha kudzuwa.

"Taonani apa. Mukuona kuyeraku?"

Pamwamba pa chithunzi panali kankhungu kopyapyala, ngati diso la ng'ala.

"Vanishi sagwirizana ndi chinyezi. Mukapopera kunja kuli nkhungu, amayera chonchi. Lachinayi kunali dzuwa. Loweruka kunali dzuwa. Ameneyu anapopera Lachisanu, pamene ine ndimaphika ndiwo za anthu pa maliro. Mudzi wonse unandiona, moti ena anadandaula za mchere."

"Abwana munawauza?"

"Anandifunsa ngati ndikufuna amange nyengo." Anabweza chimbale. "Pirinta ija ikakhala osagwira ntchito, inki imauma m'mitsempha mwake. Siidzadzukanso. Mukadzandibwezera pa Khirisimasi mudzandibwezera bokosi loikamo anyezi."

"Ndani akudziwa kuti chithunzi chimafufutika chisanapoperedwe?"

Bernadette anayang'ana nsonga ya chala chake.

"Lachinayi a Eneya anabwera kudzaona, ali ndi amayi awiri a kwaya, Peggy ndi Leah yemweyo. Amafuna kunyamula pompo. Ndiye ndinatenga chimbale chowonongeka, ndinanyowetsa chala ndi malovu, n'kuwaonetsa. Kenako ndinapopera china kuti aone kusiyana." Anapukusa mutu. "Ndinawaphunzitsa ndekha, ulere."

* * *

Mayi Belita sanaimitse makina osokera pamene Eliness anawapatsa moni. Ankalankhula Chichewa chokoka cha kuno, chimene Eliness, mwana wa ku Ntchisi, anali asanachizolowerebe patapita zaka zonsezi.

"Makiyi? Pa msomali apo. Amakhala pomwepo, aliyense akudziwa."

"Lachisanu anabwera ndani?"

"Funsani amene sanabwere, mwanangu. Kwaya yonse imadzatenga mayunifolomu. Uyu ati mwandifinya m'chiuno, uyu ati mkono wafupika. Munthu wanenepa yekha, mlandu wa telala."

"Peggy?"

"M'mawa. Anandinyoza n'kupita."

"Leah?"

"Naye anabwera. Amene uja salankhula, sudziwa kuti walowa liti, watuluka liti."

"Masana munali pano?"

Makina anaima.

"Ndinatereka kalongonda kuseri. Inu a kumtunda simudziwa, kalongonda si nyemba zophika uli pa mpando. Uwiritse, utaye madzi, uwiritsenso, tsiku lonse. Ukachita ulesi uledzeretsa banja lonse. Ndiye ndimapita, ndimabwera, ndimapita."

"Msomali munauyang'ana?"

"Ndiziyang'ana msomali ngati ndinakwatiwa nawo?"

"Fungo la vanishi simunalimve?"

"Ndinalimva, mpaka mutu. Ndinati mwini wake wabwerako ku maliro. Kungoti ndinadabwa, iye uja amapopera panja, pa thabwa lake kuseri. Koma ndi nkhungu imene ija, ndinati mwina wathawa kuzizira."

Eliness anatenga makiyi pa msomali, n'kutsegula shopu ya Bernadette. Fungo linali lisanathe. Pa tebulo panali fumbi lozungulira malo amene panali kompyuta. Anayang'ana mashelefu, zitini zopanda kanthu, zenera lotseka. Kenako nsapato yake inachita phokoso ngati yaponda pamene patayikira sobo.

Anagwada. Simenti ya pakati pa chipinda inali yonyezimira, fumbi litamatirira. Koma pakati pa kunyezimirako panali malo oyera, a ngodya zinayi, owongoka m'mbali ngati wina walemba ndi rula. Wopoperayo sanafune kuika zimbale pa simenti. Anayala kanthu.

Eliness anatambasula manja kuyeza. Muyezo umenewo mkazi aliyense amaudziwa ndi m'chiuno mwake.

Anafufuza kuseri kwa chitseko, pansi pa tebulo, m'dzala la zinyalala, ngakhale m'chimbudzi anaunikamo. Chitenje munalibe. Mwini wake anapita nacho.

* * *

Peggy anamupeza pa msika, atakhala pakati pa mulu wa kaunjika, akukupiza ntchentche ndi malaya a mwana.

"Ndimadziwa kuti mubwera. Leah akatsokomola, mlandu wa Peggy."

"Munakangana?"

"Ine ndinakangana. Iye samayankha, ndiye sindikudziwa ngati kumeneko n'kukangana. Kwaya imeneyi ndinaiyamba ine, pamene timayimbira pansi pa mtengo wa mango. Tsiku lojambula chithunzi a Eneya akuti, Peggy pita kumbuyo, ndiwe wamtali. Wamtali ine? Kutsogolo n'kuikako munthu wobwera dzana chifukwa cha kankhope kosalala."

"Ndiye kankhopeko kanakuwawani."

"Kanandiwawa, inde. Koma ine ndikanafufuta, a Sajeni, ndikanafufuta ndi msomali. Mutu wonse, duku lomwe. Osati tokongoletsa timene tija."

"Lachisanu masana munali kuti?"

"Pompano, ndikufunditsa katundu pulasitiki. Funsani awa a tomato, tinatukwanizana chifukwa cha malo a pa khonde." Mayi wa tomato anavomera ndi mutu mosakondwa. "Komanso ine ndili ndi mphumu. Tsiku lija Bernadette atangopopera kamodzi ndinathawira panja. Munditsekere m'chipinda ndi mankhwala amene aja, mukanapeza mtembo pa zimbalepo."

Eliness anatulutsa chimbale m'chikwama, n'kuchiyang'ananso. Peggy anali kumbuyo kwenikweni kwa Leah, chibwano chake chitatsala pang'ono kukhudza duku. Chibwanocho chinali chathunthu. Mayi wa kumanja, mayi wa kumanzere, palibe amene anakhudzidwa ngakhale khutu. Katoni yonse, chala chinatera pamalo amodzi, mosamala, ngati munthu wochotsa chitsotso m'diso la mwana.

"Leah anakondwa kuima kutsogolo?"

"Anakana. Anachita kumukoka dzanja a Eneya, ati chithunzi n'chopachika mu ofesi ya abusa basi, usachite manyazi. Zodzionetsa kufatsa." Peggy anapinda malaya aja. "Lachinayi pochokera kwa Bernadette, a Eneya akuwerenga misika imene zimbale zikafike, iye anangokhala pansi m'mbali mwa msewu, ati chizungulire. Ine ndinati mwina ndi nkhani ina ija. Mugula siketi? Ilipo ya muyezo wanu."

* * *

Leah ankakhala ndi azakhali ake kuseri kwa chigayo, m'kanyumba ka njerwa zosawotcha. Eliness anafika dzuwa litapendeka. Azakhaliwo anali kumunda. Kamtsikana kakang'ono kankasewera ndi zitsekerero za mabotolo pakhomo, ndipo Leah anali pa mwala wochapira, manja ali m'thovu.

Anaimirira, n'kupukuta manja, n'kubweretsa mpando. Anali ndi nkhope yoti munthu akaiona kamodzi saiiwala. Pamwamba pa nsidze ya kumanzere panali chipsera chakale.

"Pepani ndi zimene zinachitika dzulo," anatero Eliness.

"Zikomo."

"Mukuganizira munthu?"

"Ayi."

"Anthu akuti ndi zamatsenga. Simukuopa?"

"Mulungu alipo."

Eliness anadikira. Leah anayang'ana pansi. Anali wozolowera kudikiridwa mpaka wofunsayo atatopa, ndipo Eliness anamva kutopako kukubwera. Tsiku lonse anali atayenda pa kabaza ndi pansi, osadya, kufunafuna munthu wodana ndi mayi amene sanadane ndi aliyense. Anatembenuza mutu kuyang'ana pa chingwe choyanikira.

Panali tizovala ta mwana, duku, ndi chitenje cha maluwa ofiira, chongochapidwa kumene. Chitenjecho sichinalendewere ngati nsalu yonyowa. Chinauma gwa ngati chikopa, madzi akungoyenderera pamwamba. Koma m'malo ena madzi analowa, ndipo malo amenewo anada. Anali ozungulira, m'mizere, lililonse ndi kadontho kouma pakatikati.

Eliness anaimirira, n'kutulutsa chimbale chija, n'kuchigunditsa pa limodzi la malowo. Chinakwana ndendende.

"Aka n'kachingati kuchichapa?"

Leah anayang'ana chitenjecho.

"Sichikuchoka," anatero motsitsa mawu.

"Sichichoka. Bwanji simunachitaye?"

"Ndili nazo ziwiri zokha."

Anatuma mwana kuti akaone ngati agogo akubwera. Mwana atapita, anakhala pa mwala wochapira, n'kuyamba kulankhula akuyang'ana thovu.

"Bambo wa mwana uyu ali tsidya lija, kufupi ndi Milange. Ichi anandipatsa ndi iye." Anakhudza chipsera. "Ichi n'chooneka. Tsiku limene ananyamula mwana ndi mwendo ndi limene ndinathawa. Kumeneko amandidziwa ndi dzina lina. Akuganiza kuti ndinapita ku Mocuba kwa achimwene anga. Ntchito yake ndi yogulitsa mabatire, mawailesi ndi zimbale. Amadzapikula ku Chiringa."

"Simunadziwe kuti chithunzi chipita pa chimbale?"

"Ndimadziwa zimbale zolembedwa ndi cholembera. Ndinangoona Lachinayi, nkhope yanga shelefu yonse. Mawu anga sangawazindikire, tili ambiri. Koma yunifolomu ikuoneka, dzina la mpingo lalembedwa, Migowi yalembedwa. Akanangokwera njinga."

"Bwanji kupopera?"

"Achemwali a pashopu aja anati akapopera ndiye kuti zatha, sizisinthikanso. Ndinaopa kuti akapeza zofufutika abwezeretsapo. Ndimati anthu aziti makina analakwitsa. Za matsenga, za polisi, sindinaziganize."

"Mukanabwera kwa ife."

Leah anadzutsa mutu koyamba.

"Mukanakamugwira tsidya lija?"

Eliness anakhalanso pa mpando. Mlandu anali ataupeza, ndipo unali wosalembeka. Akaulemba, Lachitatu dzina la Leah liwerengedwa kukhoti pamaso pa aliyense wofuna mthunzi, ndipo nkhani ya mayi wodzifufuta nkhope ifika ku Chiringa minibasi yoyamba isanadzaze. Akapanda kuulemba, Bernadette aima m'malo mwake.

"Mukudziwa kuti mnzanu akupita kukhoti chifukwa cha inu?"

"Ndikudziwa. Sindikugona."

"Kusagona kwanu sikumubwezera makina. Mawa m'mawa mubwere ku polisi, mulowere kuseri. Mukamuuze nokha."

* * *

Anawakumanitsa m'kachipinda kosungiramo mafayilo akale, chitseko chotseka. Leah anafotokoza ataimirira. Bernadette anamvetsera mpaka kumapeto osamudula, kenako anatseka maso ndi zikhatho.

"Iwe," anatero. "Lachinayi lija unali pambali panga. Kompyuta inali yoyaka. Kuchotsa munthu pa chithunzi ndi ntchito yoti ndimachita tiyi asanazizire. Mlungu watha ndinachotsa apongozi a munthu pa chithunzi cha ukwati."

Leah anamuyang'ana osamvetsa.

"Zimatheka?"

"Ndikanakuchotsa, n'kusendeza Peggy kutsogolo, aliyense n'kukondwa. Ukanangondikoka dzanja. Mawu awiri okha."

"Sindimadziwa, achemwali. Ndimayesa chithunzi chikajambulidwa ndi chomwecho."

Bernadette anaseka kuseka kopanda chimwemwe, n'kuyang'ana kudenga.

"Zimbale katoni yonse. Vanishi wochokera ku Limbe. Dzina langa. Dzulo mwana wa mlongo wanga amubweza kogula mandasi, ati ndalama ya kwa mfiti sailandira." Anatembenukira kwa Eliness. "Ndiye mutani?"

"Makina anu ndingathe kuwatulutsa lero osatchula munthu. Koma anthu adzafunsabe kuti ndani. Chokutsukani kwenikweni n'chakuti iye atchulidwe. Ufulu umenewo ndi wanu. Mukati ndilembe, ndilemba."

"Mwandisenzetsa ine."

"Inde."

Bernadette anatsegula chitseko, n'kutuluka.

A Eneya anali atafika kale pakhonde, ndi Peggy, ndi anthu ena a kwaya amene anamva kuti lero kuli nkhani. Eliness anawalowetsa a Eneya okha kwa abwana. Anaonetsa kuyera kwa vanishi, anatchula anthu a ku Mkhumba amene anadya ndiwo za Bernadette, anafotokoza za msomali wa mayi Belita umene kwaya yonse inadutsapo. Kenako anafunsa mwaulemu kuti Loweruka a Eneya analowa bwanji m'shopu ya munthu mwini wake kulibe, ndipo ngati nkhani ipita kukhoti, funso limenelo akaliyankha bwanji. Abwana, amene mlandu wa zimbale unali utawatopetsa kuyambira Lamulungu, anayang'ana a Eneya ndi chidwi chatsopano.

A Eneya anapempha madzi akumwa. Atamwa, anati iwo ndi munthu wa Mulungu, ndipo nkhani za mu mpingo zimakomera kukambirana.

Bernadette anatulutsa yekha pirinta yake, ataikumbatira, n'kukana wapolisi amene anafuna kumuthandiza. Ankaimangirira pa kabaza ndi malamba a chubu pamene a Eneya anamuyandikira, chipewa chili m'manja. Anthu a kwaya anasendera pafupi. Leah anali atazungulira kuseri n'kudzaima kumapeto kwa gulu.

"Mayi Namacha, zachitikazi tiziiwale. Nyimbo zikadali mu kompyutamo, eti? Tikufuna mutipangirenso. Chithunzi chomwe chija, amalonda aja akudikira." Anatsitsa mawu, koma osati kwenikweni. "Nanga a Sajeni akuti si inu. Ndiye ndani? Inu simungalephere kudziwa."

Eliness anaima pa chitseko. Bernadette anakoka lamba, n'kumanga mfundo, n'kukokanso. Anayang'ana gulu lonse mpaka maso ake anafika kumapeto.

"Ndikupangirani," anatero mokweza kuti aliyense amve. "Koma uyo, Leah, pa chimbale chotuluka m'shopu mwanga nkhope yake isadzaonekenso. Wandionetsa zokwana. Ndimuchotsa, kutsogolo kupite Peggy. Mukakana, pitani nazo ku Blantyre."

Gulu linachita phokoso lapansipansi. Mayi wina anakoka mnzake chitenje. "Wamva? Chidani chonsechi, ndiye akuti wofufuta si Bernadette." Wina anayamwa mano. A Eneya anayang'ana Leah mwachisoni, kenako anayang'ana msewu wautali wa ku Blantyre m'maganizo mwawo, n'kunena kuti mwina mwanayo amvetsa. Leah anaweramitsa mutu ngati munthu wonyozedwa. Peggy yekha ndiye anayang'ana Bernadette nthawi yaitali.

Eliness anatsika pakhonde kukathandiza kukweza kompyuta pa kabaza wachiwiri.

"Mukudziwa zimene azinena tsopano," anatero chapansipansi.

"Ayamba kale. Simukuwamva?"

"Maukwati ena akuthawani."

"Athawira kuti? Pirinta pa Migowi ndi imodzi." Bernadette anagwedeza katundu kuona ngati walimba. "Musandiyang'ane choncho, a Sajeni. Sindinamukhululukire. Mumuuze asadzadutse pakhomo panga, ndingadzasinthe maganizo."

Anauza akabaza kuti ayende pang'onopang'ono m'mabampu. Iye sanakwere. Anatsatira pambuyo wapansi, dzanja lili pa pirinta, kudutsa pakati pa msika pamene amayi a tomato anali atasiya kale kuitanira malonda kuti amuone bwino.